Kuyambira pa nkhondo ya mitumbira mpaka pa utsi wokhetsa misozi

Agogo anga aakazi, amene anakulira kumunsi kwa Ngabu, sankagwiritsa ntchito mawu akuti "zionetsero". Iwo ankangoti "tinakana". Akayamba nkhani ya zaka za m'ma 1950 ankatambasula miyendo pamphasa n'kumaloza kumunda ngati amesenjala aja akadaima pomwepo. Ankasimba za chingwe chimene alangizi ankayezera mizere, ndi za dzuwa la mu Okutobala limene limatenthetsa khasu mpaka munthu kulephera kuligwira. "Mwanawe," ankatero, "nthaka ili gwa ngati mwala, iwo akuti unda mitumbira mvula isanagwe."

Mkangano wa anthu a kuchigwa cha Shire kuno ndi anthu a yunifolomu ndimauyambira pamenepo. Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo losamalira nthaka m'chaka cha 1946, ndipo njala ya 1949 itadutsa, mu ulamuliro wa gavanala Geoffrey Colby, linalimbitsa dzanja. Malamulo amenewa anthu ankawatchula kuti malimidwe. Kumapiri, kumene madzi amakokolola nthaka, mizere inali ndi nzeru yake. Koma chigwa cha Shire n'chathyathyathya, ndipo Amang'anja ndi Asena anali ndi ulimi wawo wa kumphala ndi kudimba, wa mapira, mchewere, thonje ndi chimanga cha m'chinyezi madzi akaphwera. Alimi ankanena kuti mumchenga mtumbira umauma msanga, mbewu n'kufota. Palibe anawamvera. Wokana ankamutengera kubwalo la mfumu, kumulipitsa, ndipo akalephera kulipira ankalowa m'ndende. Ena ankawazulira mbewu zomera kale.

Anthu a kuno anaitcha nkhondo ya mitumbira, ngakhale mbali imodzi inalibe mfuti. Zida zake zinali kukana, kuzengereza, kudzadza pabwalo la milandu tsiku loweruza mnansi, ndi mawu ochokera kukachisi wa Mbona ku Khulubvi akuti mitumbira sikufunika m'dziko lake. Mvula ikachedwa, anthu ankaloza mizere ija. Mfumu Molin Tengani, imene inakakamiza malamulowa mwamphamvu m'dera lake, inadana ndi anthu ake omwe pa chifukwa chimenechi. Apa m'pamene anthu wamba anaphunzira kuti mfumu, mesenjala, mlangizi ndi wapolisi akhoza kuima mzere umodzi, iwo ali tsidya lina.

Chaka cha 1953 zinthu zinaphulika. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chikuyamba anthu akuchikana, ndipo ku Thyolo mitima inali itatupa kale ndi thangata komanso kusowa kwa malo. Mu Ogasiti, nkhani ya malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza inayatsa moto umene unafalikira m'maboma oyandikana, mpaka kutsika phiri kufika ku Chikwawa ndi ku Port Herald, dzina la Nsanje masiku amenewo. Sindinama kuti onse anali ofatsa, chifukwa ena ankagwetsa mitengo m'misewu ndi kudula mawaya a telefoni. Koma pamene fumbi linkatsika, anthu 11 anali atafa ndipo 72 atavulala, ndipo akufawo onse anali anthu akuda. Yankho la boma silinali kufunsa chimene chawawa. M'chaka cha 1954 linakhazikitsa gulu la Police Mobile Force, apolisi ophunzitsidwa kubalalitsa khamu. Polisi ya dziko lino inayamba mu 1921, koma nthambi imene timaiona itavala zipewa zachitsulo ndi zishango inabadwa chifukwa cha alimi okana thangata, chitaganya ndi mizere. Mpaka lero anthu akaona galimoto yawo amanong'onezana kuti "a PMF afika".

Pa 3 Malichi 1959 gavanala Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, atsogoleri a chipani cha Kongeresi n'kumangidwa m'bandakucha. Ku Nkhata Bay asilikali anawombera khamu limene linasonkhana padoko pofuna kuti abale awo omangidwa asatengedwe pa sitima ya Mpasa. Komiti yofufuza imene inatsogozedwa ndi woweruza wa ku Britain, Patrick Devlin, inawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko lonse, ndipo inalemba poyera kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Kuchigwa kuno Kongeresi inakondedwa makamaka chifukwa inalonjeza kuthetsa malimidwe, ndipo chisankho cha 1961 chitadutsa, kukakamiza mizere kunathadi.

Koma ufulu wosonkhana sunabwere ndi mbendera yatsopano. Mu ulamuliro wa Kamuzu anthu ankasonkhana kwambiri kuposa kale, kungoti ankasonkhanitsidwa: kukavina, kukaombera m'manja, kukagula khadi la chipani usanalowe mumsika. Kukumana anthu khumi pansi pa mtengo wa masawu n'kumakamba za mtengo wa thonje kunali kudziputira apayoniya. Mwana wa ku Nsanje, Gwanda Chakuamba, anatsogolerapo gulu la apayoniyalo, koma mu 1980 nayenso anagwa m'dzenje lomwelo, kulamulidwa kukhala kundende zaka 22 pa mlandu woukira boma, ndipo anatuluka mu 1993. Mbiri yake imandikumbutsa kuti chibonga sichidziwa amene anachisema.

Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 inatsegula pakamwa pa anthu. Mu Meyi chaka chomwecho ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, mzinda wonse n'kuwatsatira, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Magazi amenewo ndi amene anagula riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndi gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko, limene limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi anzake mwamtendere, opanda zida.

Chiganizo chimenechi n'chachifupi, koma boma lililonse lakhala likuchipunthwa. Mu 2002 Bakili Muluzi analetsa zionetsero zokhudza teremu yachitatu, bwalo lalikulu la milandu n'kugamula kuti pulezidenti alibe mphamvu yofafaniza ufulu ndi mawu a pamsonkhano. Mu Meyi 2004, otsatira Chakuamba yemwe uja atakana zotsatira za chisankho, apolisi anawombera ku Blantyre, ndipo mwa akufa munali kamtsikana ka ku Chilobwe kamene sikanali n'komwe pa zionetserozo. Mu Okutobala 2010 tinasonkhanitsidwa ku Nsanje kukaombera m'manja doko limene sitima zake sitinazione. Patangotha miyezi isanu ndi inayi, pa 20 Julayi 2011, anthu otopa ndi kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja anatuluka m'misewu, ndipo 20 anafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Komiti yofufuza inapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso.

Pali chinthu chimodzi m'lamulo la apolisi la 2010 chimene ndimafuna chitamveka m'midzi yonse kuyambira ku Chapananga mpaka ku Marka. Lamuloli limati wokonza zionetsero adziwitse bwanamkubwa wa boma ndi mkulu wa apolisi wa deralo molemba, kutatsala maola osachepera 48. Mawu ake ndi kudziwitsa. Cholinga chake n'chakuti mbali zonse zikhale pansi, zigwirizane za msewu wodutsa ndi nthawi, apolisi n'kubwera kudzateteza oyendawo. Koma pakamwa pathu tonse, ngakhale pa okonza zionetsero eni ake, pamatuluka mawu akuti "chilolezo". Ndinaperekezapo akuluakulu a komiti ya m'mudzi mwathu atanyamula kalata yotere, yolembedwa pa pepala lothothola m'kope la mwana wasukulu, nkhani yake ili ya thandizo la anthu osefukiridwa madzi limene silinafike. Abambo amene anaigwira anavula chipewa tisanafike n'komwe pakhonde, nagwada pang'ono popereka, n'kunena kuti, "Bwana, tabwera kudzapempha ngati mungatilole." Munthu wa zaka zoposa 60, madzi atamulanda nyumba ndi mbuzi, akupempha chinthu chimene ndi chake kale. Mantha a m'nthawi ya amesenjala ndi apayoniya sanachoke m'mawondo mwathu, ndipo amene ali kuseri kwa tebulo amawadziwa bwino.

Zionetsero za kuno sizifanana ndi za ku Lilongwe. Nkhani zake ndi malo olowa m'minda ya nzimbe, chipukuta misozi chochedwa, mtengo wa thonje, ng'ona ndi mvuu zimene zatha anthu, msewu wa ku East Bank, kusamutsidwa pambuyo pa madzi a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023. Oyenda ake amakhala amayi obereka ana kumbuyo ndi anyamata a kabaza, atolankhani ali kutali. Utsi wokhetsa misozi ukaponyedwa pamsika kutentha kuli pachimake, sufunsa amene wagenda. Umalowa m'nyumba zofolera udzu, m'makalasi, m'maso mwa wogulitsa mlamba wouma amene anangobwera kudzasaka ya mchere.

Apolisi ambiri a kuno ndi anansi athu, timapemphera nawo limodzi, ndipo ntchito yawo ili ndi zoopsa zake. Mu Okutobala 2019 wapolisi anaphedwa ndi khamu ku Msundwe, ndipo imfa imeneyo inali yoipa. Wogenda ndi wothyola sitolo agwidwe, akayankhe kukhoti. Chimene ndimakana ndi kulanga mudzi wonse, monga zinachitikira pambuyo pa imfayo, pamene amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anachitidwa zamanyazi ndi apolisi, mpaka bwalo lalikulu mu 2020 linalamula kuti 18 mwa iwo alandire chipukuta misozi. Ndimakananso mtundu watsopano wa nkhanza umene tinauona ku Lilongwe mu Juni 2025, anthu a zikwanje akukhapa ochita zionetsero apolisi akungoyang'ana.

Lamulo lomwe lija la 2010 linalonjeza ofesi yoima payokha yolandira madandaulo okhudza apolisi, koma panapita zaka pafupifupi khumi isanayambe ntchito. Lero ilipo. Koma mayi wa ku Makhanga amene mwana wake wathyoledwa mkono pa zionetsero ayenera kuyamba wapeza ya bwato lowolokera ku Bangula, popeza njira ya pa Chiromo inaduka mu 1997, kenaka ya minibasi yokwera phiri la Thabwa, asanapeze munthu woti amulembere dandaulo lake.