Zaka ziwiri zotsiriza za sekondale ku India ndi ku Nepal

Mwana wa ku India kapena ku Nepal amakhala pasukulu zaka 12 asanapite ku yunivesite, ngati mmene zilili kwathu kuno tikaphatikiza zaka 8 za pulayimale ndi 4 za sekondale. Kusiyana kuli pa malo odulira. Kumeneko zaka 10 zoyamba ana onse amaphunzira zofanana, kenako amalemba mayeso akuluakulu, ndipo mu kalasi 11 ndi 12 aliyense amalowa njira imodzi n'kuzisiya zinazo. Dongosololi limatchedwa 10+2. Monga mlangizi wa ophunzira, chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zaka ziwirizi zasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wa ana amene ali m'menemo.

Ku India maganizowa anachokera ku komiti ya zamaphunziro imene inkatsogoleredwa ndi D. S. Kothari kuyambira 1964 mpaka 1966, ndipo boma linawalowetsa m'ndondomeko yake ya 1968. Koma musaganize kuti dziko lonselo lili ndi bungwe limodzi la mayeso. Kuli CBSE, la boma lalikulu ku Delhi. Kuli CISCE, lomwe limalembetsa ICSE mu kalasi 10 ndi ISC mu kalasi 12. Ndiye pafupifupi chigawo chilichonse chili ndi bungwe lakelake, ndipo ana ambiri amalemba kumeneko, nthawi zambiri m'chilankhulo cha kwawo. Ku Maharashtra satifiketi ya kalasi 12 ndi HSC, ku Karnataka zaka ziwirizi amazitcha PUC ndipo mwana amazichitira kukoleji yaing'ono. Mabungwewa amasiyana kachongedwe, moti 90 peresenti ya kwina si yofanana ndi 90 peresenti ya kwinako.

Zotsatira za kalasi 10 zikangotuluka, kawirikawiri mu Meyi, mwana wa zaka 15 kapena 16 amauzidwa kuti asankhe pakati pa sayansi, zamalonda ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu monga mbiri, jogalafe ndi ndale. Papepala ndi kusankha. Kunena zoona, amasankha ndi malikisi, pamodzi ndi makolo. Wokhoza kwambiri amakankhidwira ku sayansi ngakhale mtima wake uli kwina, ndipo wa malikisi ochepa amapezeka ku gulu lachitatulo ngati kuti ndi chilango. M'kati mwa sayansi momwemo muli mphambano ina: fizikisi, kemisitiri ndi masamu kwa ofuna uinjiniya, kapena fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje kwa ofuna udokotala. Amene wasiya masamu mu kalasi 11 wadzitsekera makomo ambiri, ndipo kuti awatsegulenso amavutika kwambiri.

Vuto lalikulu ku India ndi lakuti satifiketi ya kalasi 12 payokha siikulowetsa kumalo amene aliyense akulimbirana. Ofuna uinjiniya amalemba JEE. Chaka chilichonse oposa 1 miliyoni amalemba gawo loyamba, pamene m'masukulu onse 23 a IIT, omwe ndi masukulu apamwamba a boma ophunzitsa uinjiniya, malo sakwana 20,000. Ofuna udokotala amalemba NEET, ndipo mu 2024 olemba anaposa 2 miliyoni, akulimbirana malo ongopitirira pang'ono 100,000. Kuyambira 2022 kunabweranso CUET yolowera m'mayunivesite a boma lalikulu, patapita zaka makoleji ena a University of Delhi akufuna malikisi okwana 100 peresenti pa maphunziro ena.

Chotsatira chake chimaoneka bwino mumzinda wa Kota, m'chigawo cha Rajasthan. Anyamata ndi atsikana zikwizikwi amachoka kwawo n'kukachita lendi kachipinda kokhala ndi bedi, tebulo ndi mulu wa mabuku. M'mawa amapita kukalasi yokonzekera mayeso, mmene mumakhala ana oposa 100, masana ndi usiku amayankha mafunso osankha yankho limodzi mwa anayi, ndipo pakapita masabata angapo amalemba mayeso oyeserera, maina n'kusanjidwa kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Nanga sukulu yeniyeni amapita nthawi yanji? Ambiri sapita. Dzina lawo limangokhala m'kaundula wa sukulu inayake imene imawalemba kuti analipo, n'cholinga choti adzaloledwe kulemba mayeso a kalasi 12. CBSE imafuna kuti mwana apezeke m'kalasi masiku osachepera 75 pa 100 alionse, ndipo mu 2024 inalanda ziphaso sukulu zingapo chifukwa cha mchitidwewu. Mu 2023 ophunzira oposa 20 anadzipha ku Kota. Chaka chotsatira boma linatulutsa malangizo oletsa makalasi oterewa kulemba ana osakwana zaka 16. Zimenezi n'zoyenera, koma wa zaka 16 akadali mwana, ndipo amene akuthera zaka ziwiri pa mafunso osankha amatuluka asanakhudzeko bwino zipangizo za mu labotale.

Ku Nepal nkhani inayenda mosiyanako. Kwa zaka zambiri, kuyambira 1934, sukulu inkathera pa mayeso a SLC mu kalasi 10, ndipo anthu ankawatcha chipata chachitsulo chifukwa zaka zambiri olephera ankachuluka kuposa okhoza. Wodutsa ankapita ku Tribhuvan University kukachita zaka ziwiri zoyambirira. Mu 1989 boma linakhazikitsa bungwe la HSEB, loyang'anira kalasi 11 ndi 12, kuti zaka ziwirizo zisamukire kusukulu, ndipo pang'onopang'ono yunivesite inazisiya. Mu 2016 lamulo la zamaphunziro linasinthidwa: HSEB inasanduka NEB, bungwe la mayeso la dziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Sanothimi m'boma la Bhaktapur, mayeso a kalasi 10 anatchedwa SEE, ndipo sekondale inayamba kuwerengedwa kuyambira kalasi 9 mpaka 12.

Nthawi yomweyo anasiya zoti wakhoza kapena walephera n'kuyamba kupereka magiredi a zilembo. Cholinga chinali chabwino, kuti mwana asatayidwe chifukwa cha phunziro limodzi, koma ana ambiri ankafika kalasi 11 maziko ali ofooka. Kenako anabwezeretsa malire akuti wosafika 35 peresenti pa mayeso olemba sapatsidwa giredi. Zotsatira za SEE za 2024 zitatuluka, oposa theka anali m'gulu limeneli. Chipata chija chinangosintha dzina.

Njira za mu kalasi 11 zikufananako ndi za ku India: sayansi, kayendetsedwe ka bizinesi, chikhalidwe cha anthu, uphunzitsi ndi malamulo, kuphatikizapo maphunziro a ntchito zamanja a bungwe la CTEVT. Malamulo aakulu a dzikolo a 2015 amati maphunziro ndi aulere mpaka sekondale, komabe makoleji a kalasi 11 ndi 12 amene makolo amawathamangira ndi olipira, ndipo adzaza ku Kathmandu, Pokhara ndi Chitwan. Kumeneko satifiketi ya kalasi 12 yasanduka chiphaso chotulukira m'dziko. Wofuna kukaphunzira kunja amatenga kalata ya chilolezo ku unduna wa zamaphunziro, ndipo m'zaka zaposachedwa makalata otere aposa 100,000 pachaka, ambiri opita ku Japan, Australia ndi Canada. Ena amangowoloka malire kulowa India, komwe safunika viza chifukwa cha pangano la maiko awiriwa la 1950.

India yazindikira vuto losankhitsa ana njira imodzi akadali aang'ono. Ndondomeko yake ya 2020 ikufuna kuti 10+2 ilowedwe m'malo ndi 5+3+3+4 (magawo anayi a zaka 5, 3, 3 ndi 4, kuyambira kusukulu ya mkaka), kalasi 9 mpaka 12 ikhale gawo limodzi, ndipo mpanda wa pakati pa sayansi ndi maphunziro ena ugwe, kuti wokonda fizikisi athenso kutenga mbiri. Ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Komabe ngati JEE ndi NEET zikufunsabe maphunziro atatu omwe aja, makolo sadzalola mwana kutayira nthawi pa china. Ndipo ufulu wosankha umafuna aphunzitsi. M'midzi yambiri ya m'mapiri a Nepal sukulu yapafupi ilibe labotale kapena mphunzitsi wa kemisitiri, moti mtsikana wokhoza bwino masamu amalembetsa uphunzitsi chifukwa ndi zokhazo zimene zilipo, pokhapokha makolo ake atakwanitsa kumulipirira chipinda kutauni.