Amene adamanga Matthew Lyon, ndi funso limene lidatsala

Mu October 1798, phungu wa chigawo cha Vermont ku America, Matthew Lyon, adagamulidwa kukakhala kundende miyezi inayi ndi kulipira chindapusa cha madola 1,000 chifukwa chonyoza Pulezidenti John Adams m'zolemba zake. Anthu a kwawo adamuvoteranso ali m'chitolokosi momwemo.

Lamulo limene lidamumanga, la Sedition Act, lidakhazikitsidwa chaka chomwecho, pamene America ndi France zinkasosolana panyanja. Lidaletsa kufalitsa mabodza onyoza boma, nyumba ya malamulo ya Congress ndi pulezidenti. Wachiwiri kwa pulezidenti sadamuikemo. Zosadabwitsa, poti pampandowo panali Thomas Jefferson, mtsogoleri wa otsutsa.

Jefferson adalembera mobisa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Kentucky chikalata chotsutsa lamulolo, ndipo mnzake pa ndale, James Madison, adalembera ya Virginia. Mfundo yawo inali yakuti zigawo ndizo zidapangana kukhazikitsa boma lalikulu, n'kulipatsa mphamvu zowerengeka zimene zidalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Ndime yachikhumi mwa zimene adawonjezera mu 1791 imanenadi kuti mphamvu zimene boma lalikulu silidapatsidwe ndi za zigawo kapena za anthu. Apa palibe wophunzira malamulo amene angatsutse.

Povuta ndi apa: boma lalikulu likalumpha malire, woimba wenzulo ndani? Jefferson adati chigawo chilichonse chili ndi ufulu woweruza chokha. Madison adayankhula mochenjera, kuti zigawo ziyenera kuimirira pakati pa boma ndi anthu, osafotokoza bwino kuti zichite motani. Palibe chigawo china chimene chidawavomereza, ndipo zingapo zidayankha kuti imeneyo ndi ntchito ya makhothi. Ine ndimaona kuti pa ufulu wolankhula awiriwa adalondola, koma mankhwala a Jefferson anali oopsa: zigawo 16 zapanthawiyo, chilichonse chikusankha malamulo oti chimvere, dziko silikadayenda.

Zimene zidatsatira ndizo zimandiseketsa. Jefferson atakhala pulezidenti mu 1801, adagula dera la Louisiana kwa France mu 1803 pa madola 15 miliyoni, chikhalirecho iye mwini ankakayika ngati malamulo akumulola. Mu 1807 adatseka malonda a panyanja ndi maiko akunja, ndipo a Massachusetts ndi Connecticut, kuchimake kwa chipani cha Adams, adayamba kuimba nyimbo ija ya ufulu wa zigawo. Aliyense ankaikumbukira akakhala kunja kwa boma.

Khothi lalikulu lidalankhula mu 1819, pa mlandu wa McCulloch ndi chigawo cha Maryland. Mkulu wa oweruza, John Marshall, adagamula kuti Congress inali ndi mphamvu zotsegula banki ya dziko ngakhale liwu loti banki mulibe m'malamulo aakuluwo, ndipo Maryland singaikhometse msonkho.

Mkangano sudathere pomwepo. Mu 1832 South Carolina, motsatira maganizo a John Calhoun, wandale wa komweko, idalengeza kuti msonkho wa katundu wolowa m'dziko sugwira ntchito kwawo, ikutsamira pa zikalata za 1798. Madison, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80, adakana kuti sizimene ankatanthauza. Pulezidenti Andrew Jackson adaopseza kutumiza asilikali, msonkho adautsitsa, zinthu zidazizira.

Pofika 1850, zigawo zakumwera zomwezo zidafuna boma lalikulu lamphamvu loti liziwagwirira akapolo othawira kumpoto. Amene adakana kumvera ulendo uno, potchula ufulu wa zigawo, anali a Wisconsin.