Mawati Ochepa Si Vuto pa Ampulifaya ya Ma Valve

Ambiri a ife kuno ku Harare, tikamasakasaka zoimbira zakale ku Mbare, timakhulupirira kuti ampulifaya ya ma valve (timachubu tagalasi tokulitsa mphamvu ya mawu) ya mawati 10 singakwanitse kuimbitsa masipika a pabalaza. Zimenezi si zoona. Kuwirikiza kawiri mawati kumangowonjezera 3 dB basi (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), choncho sipika yolembedwa 90 dB (mmene imamvekera ikalandira wati imodzi) ikalandira mawati 10 imamveka mokweza mofanana ndi ya 87 dB imene yalandira mawati 20.

Chimene ogula amachinyalanyaza, koma n'chofunika kwambiri, chili kumbuyo kwa ampulifayayo: nthawi zambiri kumakhala polumikizira masipika pa 4 ohm ndi pa 8 ohm (ohm ndi muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi kudutsa), ndipo muyenera kusankha pogwirizana ndi sipika yanu. Musayatse ampulifayayo musanalumikize masipika, chifukwa thiransifoma yake ikhoza kupsa.