Ngalande ya ku Chester: Mkangano wa 1772 Umene Woyendetsa Boti Amakumana Nawo Mpaka Lero

Munthu amene wabwereka boti lopapatiza ku Nantwich, n'kulunjika kumpoto ku mzinda wakale wa Chester ku England, amadabwa akafika pa Bunbury. Boti lake m'lifupi ndi mamita awiri ndi kachidutswa, koma lock imene akulowamo ndi yotakasuka moti maboti awiri amakwanamo bwinobwino moyandikana. Kummwera kwa Nantwich sizili choncho: lock iliyonse imalandira boti limodzi lokha, ndipo mpata wotsala m'mbali ndi wa masentimita ochepa. Ngalandeyi lero ili ndi dzina limodzi, Shropshire Union, koma anaikumba ndi makampani osiyanasiyana pa zaka zoposa 60. Gawo la ku Chester ndilo linayamba, ndipo linatsala pang'ono kufa lisanabweze ndalama za amene analikumba.

Kwa amene sanaionepo, lock ndi chipinda cha madzi chomangidwa ndi njerwa kapena miyala, chokhala ndi zitseko zolemera zamatabwa kumtunda ndi kumunsi. Boti likalowa mumatseka zitseko, n'kulowetsa kapena kutulutsa madzi mpaka alingane ndi a kumene mukupita. Ndi mmene boti limakwerera ndi kutsikira chitunda.

Chester unayamba ngati linga la asilikali a Aroma lotchedwa Deva, m'zaka za m'ma 70 AD. Anasankha malowa chifukwa zombo zochokera kunyanja zinkakwera mtsinje wa Dee mpaka kufika m'munsi mwa linga. Kwa zaka mazanamazana mzindawu unali doko lalikulu la chigawo chonsecho, makamaka pa malonda ndi Ireland. Mdani wake anali mchenga. Chaka ndi chaka mtsinje unkakwiririka, ndipo umboni wake ulipo mpaka pano: nsanja ya Water Tower, imene anaimanga m'zaka za m'ma 1320 itaima m'madzi kuti izilondera doko, lero ili pouma, mtsinje unaithawa kalekale. Mu 1737 anatsegula njira yatsopano yowongoka ya mtsinjewo pofuna kuti zombo zizidutsanso, koma nthawi inali itatha. Liverpool, pa mtsinje wa Mersey, inali itatsegula kale doko lake lotsekera madzi mu 1715, ndipo zombo zikuluzikulu zinali zitazolowera kumeneko.

Chimene chinawatutumutsa kwenikweni amalonda a ku Chester chinachitika mu 1766, pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza ngalande ya Trent and Mersey, yokumbidwa motsogozedwa ndi James Brindley. Ngalande imeneyi inkati itenge mbale zadothi za ku Staffordshire ndi mchere wa ku Cheshire n'kukazitula ku Mersey, Chester osaonako kanthu. Iwo anaganiza zokumba yawo yochokera ku Dee kukalumikizana nayo pa Middlewich, ndi nthambi yopita ku Nantwich. Eni a Trent and Mersey anakana kwamtuwagalu, ndipo zifukwa zawo n'zosavuta kumva: boti lililonse lopatukira ku Chester linali ndalama yotayika kwa iwo. Lamulo lololeza ngalande ya Chester linadutsa mu 1772, koma munali mfundo yoti isayandikire ya anzawowo kuposa mayadi 100, omwe ndi mamita pafupifupi 91. Izi zinatanthauza kuti katundu azitsitsidwa m'boti, kunyamulidwa pa ngolo kamtunda kochepako, n'kukwezedwanso m'boti lina. Palibe wamalonda akanalola kulipira ntchito yotero.

Anakumbabe. Ma lock anawapanga otakasuka, oposa mamita anayi m'lifupi, chifukwa ankayembekezera maboti akuluakulu a pamtsinje ochokera ku Dee. Ngalande inafika ku Nantwich mu 1779, ndalama n'kuthera pomwepo, ya ku Middlewich osayambika n'komwe. Inasanduka njira yothera m'minda ya ng'ombe zamkaka, yonyamula katundu wochepa kwambiri. Mu 1787 ma lock a pa Beeston anagumuka, ndipo kampani inalibe ndalama zoti iwakonzere msanga.

Vuto la pa Beeston linali la nthaka. Pansi pake pali mchenga wonyowa umene umayenda, ndiye makoma olemera amiyala ankatitimira ndi kung'ambika. Mu 1828 injiniya Thomas Telford anathana nalo pomanga lock yonse ndi zitsulo zikuluzikulu zophwatalala zolumikizidwa ndi mabawuti. Beeston Iron Lock ikugwirabe ntchito, koma makoma ake anapindika pang'ono m'kupita kwa zaka. N'chifukwa chake pali chikwangwani cholangiza kuti maboti azilowamo limodzilimodzi, ngakhale malo akuoneka okwana awiri. Maboti awiri akhoza kukanirira pakati pa makoma madzi akutsika, lina n'kupachikika, kupendekeka, madzi n'kuyamba kulowa. Chikwangwanicho n'chofunika kuchimvera. Mukayang'ana kumadzulo mukuchoka pamenepa mumaona mabwinja a Beeston Castle pamwamba pa thanthwe, linga la m'zaka za m'ma 1220.

Chimene chinapulumutsa ngalande ya Chester ndi mapulani a anthu ena amene nawonso sanayende monga anafunira. Kampani ya Ellesmere Canal, imene inaloledwa mu 1793, inkafuna kulumikiza mitsinje ya Mersey, Dee ndi Severn. Mu 1795 inatsegula gawo lochokera ku Mersey kufika ku Chester, ndipo kamudzi ka kumapeto kwake kanakula n'kukhala Ellesmere Port. Koma njira yaikulu imene inayenera kukwera mapiri a kufupi ndi Wrexham sinakumbidwe, ndalama zinachepa. M'malo mwake analumikiza ngalande zawo za ku Wales ndi ya Chester pa Hurleston, kumpoto pang'ono kwa Nantwich. Mwadzidzidzi njira imene inali yopanda ntchito inayamba kudutsitsa malasha, laimu ndi zitsulo. Makampani awiriwa anaphatikizana mu 1813.

Nthambi ya ku Middlewich inatsegulidwa mu 1833, patatha zaka 61 chiyambire mkangano. Ngakhale pamenepo a Trent and Mersey sanagonje kwathunthu. Mamita 47 omaliza, pamodzi ndi lock ya Wardle, anamanga okha kuti akhale awo, n'cholinga choti azilipiritsa boti lililonse lodutsa. Mu 1835 panatsegulidwa ngalande ya Telford yochokera ku Nantwich kulowera ku Wolverhampton ndi Birmingham, iye atamwalira chaka chapitacho. Imeneyi ndi ya ma lock opapatiza, chifukwa inkalumikizana ndi ngalande za ku Birmingham zimene zinali zopapatiza kale. Kusiyana kumene munthu amakuona pa Bunbury kunachokera pamenepa.

Njanji zitabwera, kampani inasintha dzina mu 1846 n'kukhala Shropshire Union Railways and Canal Company, ili ndi maganizo okwirira ngalande zina kuti pamwamba pake padutse sitima. Posakhalitsa inalowa m'manja mwa London and North Western Railway, imene inaona kuti ngalandezi zikulowa m'dera la mdani wake, Great Western Railway, ndiye kunali kwanzeru kuzisiya zizinyamula katundu kumeneko. Mpikisano wa makampani a njanji ndi umene unasunga madzi m'ngalandeyi. Kampani inasiya kuyendetsa maboti akeake mu 1921, ndipo mu 1944 nthambi zambiri zinatsekedwa mwalamulo, koma njira yaikulu yodutsa ku Chester inatsala.

Anthu a m'maboti a katunduwo sankadziwa za tchuthi. Banja lonse linkakhala m'kachipinda ka kumbuyo kotalika mamita atatu okha, momwe munali mbaula ya malasha, kabati imene chitseko chake chinkasanduka tebulo, ndi bedi lopinda. Boti linkakokedwa ndi hatchi imodzi yoyenda m'kanjira ka m'mbali mwa madzi. Mukamadutsa pansi pa milatho yakale, yang'anani m'ngodya zake. Muona mizere yozama, yoti chala chimalowamo, imene zingwe zonyowa zodzaza mchenga zinaperesa pa chitsulo ndi pa mwala.

Zobwereketsa maboti pa ngalande kwa anthu opuma zinayamba m'zaka za m'ma 1930, ndipo pa Christleton, kunja kwa Chester, panali imodzi mwa makampani oyambirira. Nkhondo yachiwiri itatha, L. T. C. Rolt ndi Robert Aickman anayambitsa bungwe la Inland Waterways Association mu 1946 kuti limenyere nkhondo ngalande zimene zinkatayidwa. Boma linatenga ngalande mu 1948, lamulo la 1968 linavomereza kuti zambiri zizisamalidwa chifukwa cha maulendo osangalala, ndipo kuyambira 2012 zili m'manja mwa bungwe la Canal & River Trust, limene limayang'anira makilomita pafupifupi 3,200 a ngalande ndi mitsinje ku England ndi Wales.

Kuchokera ku Nantwich kufika pakati pa Chester ndi makilomita pafupifupi 30 ndi ma lock 11. Liwiro lololedwa silipitirira makilomita 6.4 pa ola, ndipo zoona zake boti limayenda ngati munthu wapansi. Lock iliyonse imadya mphindi 15 kapena 20, choncho ulendowu ndi wa maola pafupifupi 10, masiku awiri osathamanga. Lamulo la liwiroli lili ndi chifukwa chake: madzi ndi osaya, pansi ndi m'mbali anamata dongo kuti asatayike, ndipo funde la boti lothamanga limakokolola gombe. Podutsa maboti oima muyenera kutsitsiratu injini, apo ayi mumawakoka n'kuzula zikhomo zimene amangirirapo zingwe. Wobwereka safunika chiphaso choyendetsera, a kampani amamuonetsa zonse tsiku loyamba. Chimene chimasokoneza ambiri ndi chiwongolero, chomwe ndi ndodo ya kumbuyo: mukaikankhira kumanzere, mutu wa boti umapita kumanja. Boti lilibe mabuleki, limaima mukabweza injini m'mbuyo, ndipo pokumana ndi linzake aliyense amagwira dzanja lamanja.

M'ma lock otakasuka a gawo la Chester, boti likakhala lokha limagwedezeka kwambiri madzi akamalowa. Pokwera, kolekani chingwe pa chitsulo cha m'mbali, muyambe kutsegula chotsekera madzi cha mbali imene boti lili, pang'onopang'ono. Madziwo amakagunda khoma la tsidya lina n'kubwerera, n'kulikanikizira boti kukhoma kwake. Zotsekerazi amazipukusa ndi chitsulo chopindika chotchedwa windlass. Musachisiye chili chokoleka pamalo opukusirapo, chifukwa kambedza kogwira mano kakaphonya, chimazungulira mwamphamvu n'kuuluka, ndipo chathyolapo anthu mano ndi zala. Potsika, ngozi yaikulu ndi sitepe yamiyala imene ili pansi pa zitseko zakumtunda. Malo ake analembapo mzere woyera pakhoma, ndipo boti lonse liyenera kukhala kutsogolo kwa mzerewo. Kumbuyo kwa boti kukakhala pa sitepeyo madzi akutsika, mutu umaloza pansi n'kumira m'kanthawi kochepa. Mukangoona kuti boti lapendekeka, tsekani zotsekera zonse nthawi yomweyo, kenako mubwezeremo madzi pang'onopang'ono.

Pa Bunbury ndi pa Northgate, mumzinda wa Chester, zipinda zinalumikizana ngati makwerero, chitseko chakumunsi cha china ndicho chakumtunda cha chinzake. Madzi a chipinda chapamwamba amathera m'chapansi, ndiye muyenera kukonzeratu musanalowe. Potsika, chapamwamba chikhale chodzaza, zapansi zikhale zotsika madzi. Pokwera, chapansi chikhale chotsika madzi, zapamwamba zodzaza. Mukasokoneza, madzi amasefukira m'kanjira, kapena boti limakhala pansi pakati pa makwerero.

Malo ochititsa chidwi kwambiri pa ulendowu ndi polowa mumzinda. Mukadutsa nsanja yanjerwa ya 1799 imene ankapangiramo zipolopolo zamtovu, ngalande imalowa mumpata wozama wosemedwa m'thanthwe lofiira, motsatira dzenje limene linkateteza linga la Aroma, khoma la mzinda lili pamwamba panu. Pangodya pali King Charles Tower, pamene anthu amati Mfumu Charles I anaima mu 1645 n'kumaona asilikali ake akugonja pa nkhondo ya Rowton Heath. Patsogolo pang'ono pali kamlatho kopapatiza ka 1793, kamene akaidi oweruzidwa kuti aphedwe ankawolokapo kuchoka kundende ya Northgate kupita kukapemphera komaliza. Kenako mumafika pa makwerero a Northgate, zipinda zitatu zotsika mamita pafupifupi 10. Poyamba zinali zisanu zotsikira ku Dee, koma ziwiri zapansi anazichotsa polumikiza ngalande ya ku Ellesmere Port. Zitseko zake n'zolemera, ndipo amene ali ndi masiku ochepa amachita bwino kuima pafupi ndi Cow Lane Bridge, pamene pali malo otembenuzira boti, n'kukazungulira khoma la mzinda wapansi, mtunda wa makilomita atatu.

M'tauni mumakhala mapulasitiki ndi zingwe zimene zimakulunga pulopela. Boti likayamba kunjenjemera n'kumakanika kuyenda, zimitsani injini, chotsani kiyi, tsegulani chivundikiro cha pamwamba pa pulopela n'kuchotsa zinyalalazo ndi dzanja. Pomaliza mangani chivundikirocho mwamphamvu, chifukwa chikakhala cholobodoka pulopela imaponyera madzi m'chipinda cha injini mpaka boti kumira.

Pochoka pa lock iliyonse, zitseko ndi zotsekera zonse zikhale zotseka. Mu Malichi 2018, pa Stanthorne pa nthambi ya ku Middlewich, zotsekera zinasiyidwa zotsegula, madzi anasefukira pamwamba pa chimulu cha dothi chimene chimanyamula ngalande, ndipo chimulucho chinagumukira mumtsinje wa Wheelock. Njirayo inatsekedwa mpaka Disembala chaka chomwecho. Ntchito zokonza zitseko ndi makoma zimachitika kwambiri m'nyengo yozizira, kuyambira Novembala mpaka Malichi, choncho wofuna kuyenda miyezi imeneyo ayambe waona mndandanda wa malo otsekedwa umene a Canal & River Trust amatulutsa, asanalipire boti.