Iwata, bwana amene anayamba wadzidula malipiro ake

Mu Januwale 2024 kampani ya Microsoft inachotsa ntchito anthu 1,900 a kunthambi ya magemu, ndipo mwezi wotsatira Sony inachotsanso pafupifupi 900. Masiku amenewo dzina limene linali pakamwa pa okonda magemu linali la Satoru Iwata, mkulu wa kampani ya magemu ya ku Japan ya Nintendo, amene anatisiya mu 2015. Anthu amamukumbukira chifukwa mu 2011, makina osewerera magemu a Nintendo 3DS atakanika kuyenda malonda, anatsitsa mtengo wake kuchoka pa mayeni (ndalama za ku Japan) 25,000 kufika pa 15,000, kenako n'kudula malipiro ake ndi theka. Mu 2014 makina ena otchedwa Wii U atagwa chagada, anadzidulanso chimodzimodzi. Eni masheya atamufunsa mu 2013 za kuchepetsa antchito, anakana. Anati munthu amene akugona ndi mantha oti mawa achotsedwa sangapange gemu yosangalatsa anthu.

Ena amatsutsa kuti tisamutame kwambiri, popeza malamulo a ku Japan salola kuchotsa munthu ntchito mwachisawawa, ndiponso Nintendo inali ndi ndalama zambiri zosunga. Zimenezo n'zoona. Koma ine ndimaona kuti mtima umenewu anautenga kutali, asanafike n'komwe ku Nintendo.

Iwata anabadwira ku Sapporo pa 6 Disembala 1959. Ali ku sekondale ankapanga timagemu pa kachipangizo kowerengetsera masamu, anzake n'kumasewera. Atamaliza maphunziro ku Tokyo Institute of Technology mu 1982, analowa ntchito pa kakampani kakang'ono kopanga magemu ka HAL Laboratory, zimene bambo ake, omwe anali meya wa mzinda wa Muroran, sanakondwere nazo. Mu 1993 HAL inali itamira m'ngongole ya mayeni 1.5 biliyoni, ndipo ndi pamene anamupatsa mpando wa utsogoleri, ali ndi zaka 33. Ngongoleyo anaibweza m'zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene chimandigwira mtima ndi mmene anayambira: ankakhala pansi ndi wantchito aliyense payekhapayekha, kawiri pachaka, kumufunsa ngati akusangalala ndi ntchito yake. Bwana wa kampani yoti ikugwa, koma n'kupeza nthawi yomvera anthu mmodzimmodzi!

Sanasiyenso kulemba mapulogalamu. Gemu ya EarthBound itatsakamira, anauza Shigesato Itoi, amene anayambitsa gemuyo, kuti kukonza zimene zinalipo kutenga zaka ziwiri, pomwe kuyambiranso kutenga miyezi isanu ndi umodzi yokha. Anayambiranso, gemuyo n'kutuluka mu 1994.

Hiroshi Yamauchi, amene analamulira Nintendo kuyambira 1949, anamusiyira mpando mu 2002. Kampaniyi inayamba mu 1889 ku Kyoto ikupanga makadi osewerera, ndipo Iwata ndiye anali woyamba kuitsogolera wosachokera kubanja la Yamauchi. M'manja mwake munatuluka makina a DS mu 2004 ndi Wii mu 2006, zimene zinakopa ngakhale agogo amene anali asanagwirepo gemu. DS yokha inagulidwa yoposa 150 miliyoni.

Chotupa cha m'njira ya ndulu chinamutenga pa 11 Julaye 2015, ali ndi zaka 55. Makina a Switch, amene anali akukonzedwa iye ali moyo, anatuluka mu Malichi 2017. M'kati mwake antchito anabisamo gemu yakale ya Golf imene Iwata anailemba m'ma 1980. Inkatseguka pa 11 Julaye pokha, munthu akatambasula manja kutsogolo monga ankachitira iye polankhula ndi osewera pa mavidiyo olengeza magemu atsopano a Nintendo Direct.