iMac ya mainchesi 27 inasiya kugulitsidwa: mafunso ndi mayankho kwa amene ali nayo

Apple inasiya liti kugulitsa kompyuta imeneyi, ndipo m'malo mwake munabwera chiyani?

Pa 8 Malichi 2022. Tsiku limenelo kampaniyi inaonetsa zinthu ziwiri zatsopano, kompyuta ya Mac Studio ndi sikirini ya Studio Display, ndipo iMac ya mainchesi 27, kompyuta yomangidwa m'kati mwa sikirini yake, inachotsedwa pa sitolo yake mwakachetechete. iMac Pro, ya kukula komweku, inali itapita kale mu Malichi 2021. Ambiri anadikira poganiza kuti yaikuluyo ibweranso ndi chip cha Apple, purosesa yopangidwa ndi Apple yomwe m'malo mwa ya Intel, monga inachitira yaing'ono ya mainchesi 24 mu Epulo 2021, koma mu Novembala 2023 kampaniyi inauza atolankhani kuti ilibe ganizo lopanga iMac ya mainchesi 27 yokhala ndi chip chakecho.

Chimene chinali chinthu chimodzi anachigawa pawiri, bokosi la kompyuta palokha ndi sikirini payokha. Pa ndalama kusiyana n'kwakukulu. iMac yomaliza, ya mu Ogasiti 2020, inkayambira pa madola 1,799 pamodzi ndi kiyibodi ndi mausi. Mac Studio inayambira pa madola 1,999 ndipo Studio Display pa madola 1,599, kiyibodi ndi mausi kugula padera.

Kodi yanga yatha ntchito?

Ayi, ikuyaka lero ndipo mawa iyakanso. Chimene muyenera kudziwa ndi chaka chimene inatuluka, chifukwa zonse zotsatirazi zikudalira pamenepo. Dinani chizindikiro cha apulo pakona ya kumanzere kumtunda, musankhe About This Mac, ndipo chakacho chalembedwa pafupi ndi dzina lake.

Zoyambirira za sikirini ya 5K (madontho 5120 x 2880), za kumapeto kwa 2014 ndi pakati pa 2015, zinaima pa Big Sur, mtundu wa macOS, pulogalamu yaikulu yoyendetsa Mac. Ya kumapeto kwa 2015 inaima pa Monterey, ya 2017 pa Ventura, ya 2019 ndi iMac Pro pa Sequoia. Ya 2020 yokha ndi imene inalandira macOS Tahoe, yotuluka mu Seputembala 2025, ndipo Apple inanena kuti Tahoe ndiye yomaliza pa Mac iliyonse ya purosesa ya Intel.

Kawirikawiri Apple imatseka mipata ya chitetezo pa macOS yatsopano ndi ziwiri za m'mbuyo mwake. Ikadutsa pamenepo, kompyuta imagwirabe ntchito koma mipata imene akuba a pa intaneti apeza sitsekedwanso. Pakapita nthawi mapulogalamu monga Chrome, Microsoft Office ndi a Adobe nawo amakana kulowa atsopano. Ichi n'chimene chimathetsa ntchito ya iMac zambiri, zikanali zamphamvu bwinobwino.

Lamulo la vintage ndi obsolete limati chiyani?

Ili ndi lamulo la Apple lokhudza masipeya ndi kukonza. Samawerengera tsiku limene inu munagula. Amawerengera tsiku limene kampani inasiya kutumiza mtundu umenewo m'masitolo. Pakatha zaka zisanu, chinthucho amachitcha vintage, ndipo okonza ovomerezeka akhoza kuchikonza pokhapokha masipeya akadalipo. Pakatha zaka zisanu ndi ziwiri chimakhala obsolete, ndipo apa okonzawo sangathenso kuitanitsa sipeya iliyonse ku Apple.

Tikawerengera kuchokera pa Malichi 2022, iMac ya 2020 ikufika pa vintage cha mu 2027, ndipo pa obsolete cha mu 2029. Ya 2019 inasiya kugulitsidwa mu Ogasiti 2020, choncho ili patsogolo ndi chaka ndi theka. Za 2014 ndi 2015 zinadutsa kalekale. Zikawonongeka, sipeya imachokera ku iMac inzake yakufa kapena kwa ogulitsa zochotsa m'makompyuta ena. Galasi la kutsogolo n'lomatana ndi sikirini, motero likang'aluka mumasintha zonse pamodzi, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umapitirira mtengo wa kompyuta yonse yakaleyo.

Ndingagule Mac mini, kakompyuta ka Apple kopanda sikirini, n'kugwiritsa ntchito iMac yangayi ngati sikirini?

Ili ndi funso limene limakhumudwitsa anthu kwambiri, ndipo yankho lake pa iMac iliyonse ya 5K ndi lakuti ayi. Kale kunali njira yotchedwa Target Display Mode, imene inkalola kompyuta ina kuonetsa zithunzi zake pa iMac kudzera pa chingwe. Inkagwira pa ma iMac a 2009 mpaka pakati pa 2014. Sikirini ya 5K itabwera mu Okutobala 2014 njirayi inathera pomwepo, chifukwa Thunderbolt 2 ya nthawiyo sinkatha kunyamula madontho 5120 x 2880 pa liwiro loyenera pa chingwe chimodzi. Ngakhale ma iMac akale aja ali ndi malire: afunika akhale pa macOS High Sierra kapena ya m'mbuyo, ndipo Mac inayo ikhale ya 2019 kapena ya kale, yokhala ndi Catalina kapena ya m'mbuyo. Mac mini yokhala ndi chip cha Apple cha M4 palibepo pamenepa.

Zozembera zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi pomwe imaluma. AirPlay, njira ya Apple yoonetsera zithunzi pa chipangizo china, imatumiza zithunzi ku iMac ya 2019 kapena 2020 yokhala ndi Monterey kupita m'tsogolo, koma zilembo sizioneka bwino ngati poyamba ndipo mausi amatsalira pang'ono m'mbuyo mwa dzanja. Kachipangizo ka Luna Display kamachita bwinoko, koma iMac yonseyo iyenera kukhala yoyaka, ikudya magetsi ake onse, kuti ingokhala sikirini. Yachitatu ndi kuitsegula, kuchotsa zam'kati zonse, n'kuikamo kabolodi kogula padera kamene kamalumikiza sikiriniyo ku DisplayPort kapena USB-C. Iyi imatulutsa 5K yeniyeni, koma kabolodiko kayenera kugwirizana ndi nambala ya sikirini yolembedwa kuseri kwake, ndipo kamera, masipika ndi batani loyatsira zimafuna kulumikizidwa mwatsopano. Ndi ntchito ya munthu wozolowera, osati yophunzirirapo.

Ngati ndikufuna kukhala nayobe zaka zingapo, ndiwonjezere chiyani?

Zinthu ziwiri: RAM, pomwe kompyuta imasunga zimene ikugwira nthawi yomweyo, ndi SSD, disiki yosungira mafayilo yothamanga kwambiri, ndipo pa zambiri SSD ndi imene imasintha zinthu koposa.

RAM ndi yosavuta, ndipo apa iMac ya mainchesi 27 inali yabwino kuposa Mac iliyonse ya masiku ano. Zimitsani, zulani zingwe zonse, muigoneke chafufumimba pa thaulo lofewa. Pamwamba pa bowo lolowetsa chingwe cha magetsi pali kabatani kotuwa. Mukakadina kachitseko kamatseguka. Kankhirani kunja timikono tiwiri ta m'mbali, ndipo malo anayi a RAM amadzuka. Ya 2019 ndi ya 2020 zimafuna DDR4 SO-DIMM ya 2666MHz, ya 2017 DDR4 ya 2400MHz, ya kumapeto kwa 2015 DDR3 ya 1867MHz. Ya 2020 imafika pa 128GB, ya 2017 pa 64GB. Gulani ziwiriziwiri zofanana. Mukayatsa koyamba sikirini imakhala yakuda masekondi 30 kapena kuposerapo pamene kompyuta ikuwerenga RAM yatsopano. Musaizimitse poganiza kuti mwaiwononga. Ikamalira mobwerezabwereza, ndiye kuti imodzi sinalowe mpaka pansi. iMac Pro ilibe kachitseko kameneka.

Pa zosungira mafayilo, ambiri a 2015 mpaka 2019 anabwera ndi Fusion Drive, kutanthauza hard disk yozungulira yophatikizidwa ndi ka SSD. Pa ya 1TB ka SSD kameneka n'kochepa kwambiri, 24GB pa ya kumapeto kwa 2015 ndi 32GB pa ya 2017 ndi 2019, n'chifukwa chake kompyuta imayamba kukwawa ikadzaza. Choopsa n'chakuti mbali imodzi ikafa, mafayilo a mbali zonse ziwiri amapita. Kusintha cham'kati kumafuna kudula guluu wozungulira sikirini yonse, kuinyamula mosamala osadula tizingwe take tiwiri, kenako kumata ndi timizere ta guluu tatsopano. Ikamatidwa mosasamala, sikirini imatha kudzagwa yokha kukatentha.

Njira yosaopsa ndi SSD yakunja. Pa ya 2017 kupita m'tsogolo gwiritsani ntchito bowo la Thunderbolt 3 ndi SSD ya NVMe, imene imapitirira 2,000MB pa sekondi. Pa ya 2015 ikani SSD pa USB 3, imene imafika cha pa 400MB, komabe ndi liwiro loposa la hard disk kangapo. Tsegulani Disk Utility, muifufute ndi APFS ndi GUID Partition Map, muikemo macOS, mukokere zanu ndi pulogalamu yosamutsira mafayilo ya Migration Assistant, kenako muisankhe pa Startup Disk. Ya 2020 ndi yosiyana. Inabwera ndi SSD yokhayokha ndiponso chip cha chitetezo cha T2, chimene chimakana kuyambira pa disiki yakunja mpaka mutalowa mu Recovery podina Command-R poyatsa n'kuloleza mu Startup Security Utility.

Pali pulogalamu yaulere ya OpenCore Legacy Patcher imene imalowetsa macOS yatsopano pa Mac yokanidwa. Pa kompyuta ya panyumba imathandiza. Pa kompyuta imene ikudyetsa banja, monga ya pa situdiyo ya zithunzi kapena posindikiza, si yodalira, chifukwa kusintha kulikonse kwa Apple kukhoza kupha Wi-Fi kapena zithunzi tsiku limene kasitomala akudikira.

Ngati ndikugula yatsopano, yolowa m'malo mwake ndi iti?

Kwa anthu ambiri ndi Mac mini ndi sikirini yabwino. Ya M4, yotuluka kumapeto kwa 2024, inayambira pa madola 599 ndi RAM ya 16GB, ndipo pa ntchito za tsiku ndi tsiku imathamanga kuposa iMac ya Intel iliyonse. Mac Studio ndi ya amene amakonza mavidiyo aakulu kapena nyimbo za matiraki ambiri. Wongolemba, kuwerengera ndalama ndi kukonza zithunzi sadzaona phindu la ndalama zowonjezerazo.

iMac ya mainchesi 24 ndi yaukhondo patebulo, koma dzinalo limanamiza pang'ono: sikirini yake ndi mainchesi 23.5, madontho 4480 x 2520. Amene wazolowera kuika masamba awiri pambalipambali amamva kupanikizika msanga. Komanso mukuguliranso vuto lomwe lija, la sikirini yabwino yomangidwa ku kompyuta imene idzakalambe msanga kuposa iyo.

Pogula, kumbukirani kuti RAM ya Mac za chip cha Apple siwonjezereka. Imene mwasankha m'sitolo ndi yomweyo mpaka kalekale. Koma musangoyang'ana kuti m'yakale munali 64GB. Tsegulani Activity Monitor, pa Memory, muone mtundu wa Memory Pressure pamene mukugwira ntchito yanu yolemera. Ngati ukukhala wobiriwira nthawi zonse, simukuidya yonse. Malo osungira mafayilo ndiwo mungawonjezere ndi SSD yakunja pa mtengo wotsika kuposa wa Apple.

Sikirini ya 4K yotchipa singakwanire?

Ikhoza, koma dziwani chimene mukutaya. Sikirini ya iMac ili ndi madontho 218 pa inchi, ndipo macOS imajambula chilichonse kuwirikiza kawiri ndendende, n'chifukwa chake zilembo zimaoneka ngati zosindikizidwa papepala. Ya 4K ya mainchesi 27 ili ndi madontho 163 pa inchi. Kuti zinthu zikhale za kukula kumene munazolowera, macOS imayamba yajambula pa 5K kenako n'kuchepetsa kuti zikwane pa 4K, ndipo timizere topyapyala timafewa. Woonera mavidiyo saziona. Wokhala pa zilembo maola asanu ndi atatu amaziona tsiku loyamba lomwe.

Studio Display ya 2022 ili ndi madontho omwewo a iMac, kuwala kwa 600 nits, kamera ndi masipika asanu ndi imodzi. Za 5K za makampani ena ziliponso, monga Samsung ViewFinity S9 ndi ASUS ProArt PA27JCV, ndipo ya ASUS ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ya Apple. Zambiri za makampani ena zilibe kamera kapena masipika abwino, choncho muziwerengere pa bajeti. Ngati pali poti muike ndalama zambiri, ndi pa sikirini, chifukwa iyo idzaona ma Mac mini awiri kapena atatu akubwera n'kupita.

Chimavuta n'chiyani posamuka?

Windows. iMac ya Intel inali ndi Boot Camp, yolola kuika Windows pa Mac, koma pa chip cha Apple kulibe. Kumeneko Windows 11 ya Arm, yolembedwera mtundu wa chip umenewu, imayenda mkati mwa pulogalamu monga Parallels, ndipo madalaivala a makina akale osindikizira, odulira zomata kapena opetera nsalu nthawi zina amakana. Fufuzani zimenezi musanalipire. Mapulogalamu a Mac olembedwera Intel amayenda kudzera mu Rosetta 2, pulogalamu yowamasulira, koma Apple inanena kuti idzaisunga yathunthu mpaka macOS 27 basi. Mapulogalamu akale a 32-bit anafa kale pa Catalina.

Mabowo nawo asintha. Mac mini ya M4 ilibe USB-A ngakhale imodzi ndiponso ilibe polowetsa khadi la SD, choncho pulinta, fulashi ndi khadi la kamera zifuna adaputa. Kiyibodi ndi mausi za iMac zimagwira pa yatsopano kudzera pa Bluetooth. Musanayambe chilichonse sungani zonse ndi pulogalamu yokopera mafayilo ya Time Machine pa disiki yakunja, kenako mulumikize disikiyo ku Mac yatsopano pamene Migration Assistant ikufunsa. Kudzera pa Wi-Fi, 500GB ikhoza kukutherani usiku wonse.

Nanga wondigulitsa yogwiritsidwa kale ntchito pa mtengo wabwino, nditenge?

Ya 2020 ikhoza kukhala yoyenera ngati mtengo watsikadi. Ya 2019 kapena ya m'mbuyo muigule podziwa kuti macOS yake inaima. Wogulitsa atuluke mu iCloud ndi kuzimitsa Find My inu mukuona, chifukwa ya 2020 ili ndi Activation Lock, ndipo yotsekedwa ndi akaunti ya munthu wina simungaitsegule popanda pasiwedi yake kapena lisiti loyambirira. Ikani chithunzi chotuwa chodzaza sikirini yonse muone ngati m'mphepete mwafiirira, m'makona mwalowa fumbi, kapena mithunzi ya mawindo akale ikutsalira.

Kwa oitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain, kulemera n'kofunika: iMac ya 2020 ndi pafupifupi makilogalamu 9 ndi galasi lalikulu losachedwa kusweka panjira, pamene Mac mini ya M4 siikwana kilogalamu imodzi ndipo imalowa m'chikwama cha m'manja. Kumene magetsi amazimazima palinso kusiyana kwina. iMac ya 2020 yamphamvu kwambiri imatha kukoka mawati oyandikira 300 ikamagwira ntchito yolemera, pamene Mac mini ya M4 imafika pa mawati 65. Batire la UPS kapena inveta yaing'ono imene iMac imaithera m'mphindi zochepa ikhoza kusunga Mac mini ndi sikirini yake nthawi yokwanira kumaliza ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino.