Fontevraud: nyumba ya mapemphero imene inapulumutsidwa ndi ndende

Pafupi ndi mtsinje wa Loire ku France pali malo otchedwa Fontevraud. Anawayambitsa mu 1101 ndi mlaliki woyendayenda, Robert d'Arbrissel, amene ankatsatidwa ndi khamu losakanikirana: amuna, akazi a m'mabanja olemera, amayi amene anasiya uhule, ngakhalenso akhate. Atawagawa m'nyumba zosiyanasiyana, anakhazikitsa lamulo limene silinali lachizolowezi m'masiku amenewo, lakuti onse, amonke omwe, azimvera munthu wamkazi. Mayi wamkulu woyamba, Pétronille de Chemillé, anaikidwa mu 1115, ndipo amayi 36 analandizana mpandowo mpaka mu 1792.

Mafumu anawakonda malowa. Henry II wa ku England, mkazi wake Eleanor wa ku Aquitaine ndi mwana wawo Richard anaikidwa komweko. Ziboliboli zawo zogona chagada zikadali m'tchalitchi, ndipo cha Eleanor chagwira buku lotsegula, ngati kuti tulo tinamubera akuwerenga.

Asisitere anathamangitsidwa mu 1792, ufumu wa France utagwa m'manja mwa oukira. Nyumba zambiri zamtunduwu zinagulitsidwa n'kugumulidwa, miyala yake anthu n'kumakamangira zawo. Ndi mmene linathera tchalitchi lalikulu la amonke la ku Cluny, ku France komweko. Fontevraud inapona chifukwa mu 1804 Napoleon, wolamulira wa France, analamula kuti isanduke ndende, ndipo akaidi anayamba kulowa mu 1814. Kunena zoona, kunali kupulumuka kowawa. M'kati mwa tchalitchi anamangamo zipinda zosanjikizana kuti akaidi azigonamo mothithikana, ndipo masana ankagwira ntchito yakalavulagaga, kuluka nsalu, kupanga mipando ndi mabatani. Ndendeyi inatchuka ndi nkhanza. Komabe boma silingalole denga la ndende kudontha mpaka kugwa, choncho makoma anatsala chiimire.

Ndende inatsekedwa mu 1963, ngakhale akaidi ochepa anatsalira mpaka 1985, akugwira ntchito yochotsa zimene anzawo akale anamanga. Kuyambira 1975 malowa ndi likulu la zachikhalidwe, kumene kumachitikira zoimbaimba ndi zionetsero, ndipo mu 2021 anatsegulapo nyumba yoonetseramo zojambula zamakono.

Chimene chimandiseketsa ine ndi hotela yake. Ili m'nyumba ya Saint-Lazare, ija ankasungiramo akhate. Kumene kale munthu ankaopa ngakhale kusuzumira, lero alendo amasungitsiratu malo, n'kulipira ndalama zambiri kuti adye chakudya chamadzulo ndi kugona usiku umodzi.